Dokotala wakuda ngosowa kuno ku America

Abale kumudziko, ambiri mumaganiza kuti kuno ku America munthu akangokhala ndi inshuwalansi ndiye kuti chithandizo chake chili bwino. Ine ndimasamalira okalamba kuno ku Indiana, ndipo ndaona kuti khungu la wodwala nalo lili ndi gawo. Mayi wakuda ali pachiopsezo chofa ndi uchembere pafupifupi katatu kuposa mzungu. Anthu akuda ndi 13 pa 100 alionse m'dziko muno, koma mwa madokotala safika ndi 6 omwe.

Kuchepaku kuli ndi mbiri yake. Mu 1910 lipoti la Abraham Flexner linachititsa kuti sukulu za udokotala za anthu akuda zitsekedwe, kungotsala ziwiri mwa zisanu ndi ziwiri: Howard ku Washington ndi Meharry ku Nashville. Ndiye pali nkhani ya Tuskegee ku Alabama, kumene kuyambira 1932 mpaka 1972 boma linkangoonerera amuna akuda pafupifupi 400 odwala chindoko osawapatsa mankhwala, ngakhale penisilini atapezeka. Ife obwera kuchokera ku Africa timaimva ngati mbiri ya m'buku. Eni ake kuno ndi nkhani ya agogo awo.

Tili ndi agogo ena aamuna amene ankakana kwamtuwagalu kutengedwa magazi. Namwino akangotulutsa jakisoni, iwo mkono m'bulangete, nkhope kukhoma. Tsiku lina kunabwera dokotala wachizimayi, wakuda. Anakoka mpando, n'kuyamba kuwafunsa za tchalitchi chawo ndi kumene anakulira. Kenako anawavula sokosi n'kugwira chidendene ndi kuseri kwa dzanja. Panali potentha, pakuda kuposa pena: chilonda chogonera chikuyamba. M'mabuku amaphunzitsa kuyang'ana pofiira, koma pakhungu ngati lathuli kufiirako kumaoneka kuti? Madzulo ake agogowo anatambasula mkono okha.

Musati ndikungotengeka. Ku Oakland, California, gulu la Marcella Alsan ndi Owen Garrick linaitana amuna akuda kuchokera m'malo ometera tsitsi ndi m'misika ya kaunjika kuti akaonane ndi dokotala kwaulere. Zotsatira zinatuluka mu 2018. Atangoona chithunzi cha dokotala, amunawa ankasankha zoyezetsa mofanana, kaya dokotalayo ndi wakuda kapena ayi. Kusiyana kunabwera atacheza naye. Amene anakumana ndi dokotala wakuda ndi amene ambiri anavomera kubayidwa chala kuti ayezedwe shuga ndi mafuta a m'magazi, ndipo ankamasuka kutchula mavuto ena. Kwa ine apa ndi pamene pagona nkhani. Khungu palokha silichiza munthu, ndipo azungu ena ndawaona akugwira ntchito mwachifundo kwambiri. Koma wodwala akamasuka amaulula zimene akanabisa, matenda n'kugwidwa asanakule.

Ngakhale zipangizo zili ndi vuto lomweli. Kachipangizo kopana chala koyezera mpweya m'magazi kaja, kamene kanatchuka nthawi ya Covid-19, kamawerenga ndi kuwala kodutsa pakhungu. Mu 2020 madokotala a ku University of Michigan anapeza kuti kamalephera kuonetsa kuchepa kwa mpweya mwa odwala akuda pafupifupi katatu kuposa mwa azungu. Dokotala wathu uja akaona nambala yabwino koma wodwala akupuma mobanika, amalamula kuti magazi atengedwe mumtsempha wapadzanja akayezedwe. Zipangizo zamtundu womwewu ndi zimene akugwiritsa ntchito ku Queens ndi ku Kamuzu Central.