Fonti ya Inter: nyenyezi zinayi, ndipo sindinalipire kanthu

Ndalama zimene ndinataya pa fonti (mtundu wa zilembo za pa kompyuta) ina imene ndinagula ndisanapeze Inter zikundipwetekabe. Wogulitsa wake analemba kuti muli zonse. Nditaigwiritsa ntchito pa lipoti la zachuma, manambala a m'matebulo anayamba kuvina: 1 woonda, 8 wonenepa, mizere yotsika pansi yosawongoka n'komwe, moti munthu sakanatha kuwonkhetsa ndi maso. Ndinawalembera. Anayankha mochedwa, nkumati manambala ofanana m'lifupi ali m'gulu lina, ndilipirenso. Kuti ndiike pa webusaiti, laisensi inanso. Chilembo cha ŵ munalibe, pamalo pake pamatuluka kabokosi. Nditadandaula anangonditumizira ndandanda ya mitengo. Malonda amenewa kapena kuba masanasana?

Ndi mkwiyo umenewo ndinatsitsa Inter, yopangidwa ndi Rasmus Andersson wa ku Sweden. Ndi yaulere, ili pa laisensi yotchedwa SIL Open Font License, ndiye kaya ndi papepala kaya pa intaneti palibe wokufunsa. Ndinangoyatsa tabular figures, manambala ofanana m'lifupi aja, matebulo onse anaima chilili. Ziro wodulidwa pakati alipo, sasokonezekanso ndi O. Ŵ alipo, wamkulu ndi wamng'ono. Makulidwe ndi 9, kuyambira Thin mpaka Black, aliwonse ndi italic yake (zilembo zopendekera). Zilembo zazing'ono monga a ndi e n'zazitali ndithu, choncho pa foni mawu amawerengeka ngakhale atachepa kwambiri, paja anaipangira sikirini.

Nyenyezi yachisanu ndaimana pa zifukwa ziwiri. Mukangoiika Inter, I wamkulu ndi l wamng'ono amafanana ngati mapasa. Njira yowasiyanitsa ilipo, koma muyenera kukaiyatsa nokha, ndipo si mapulogalamu onse amene amalola. Kwa olemba mapasiwedi kapena manambala a katundu, chenjerani pamenepo. Chinanso, Inter yafala. Mtundu wa 4.0 wa mu 2023 unabwera ndi Display ya mitu ikuluikulu, komabe pamutu imangooneka wamba, sikoka maso.

Apa ndiye ndinene chilungamo: fonti ya akuba aja pamutu ndi yokongola kuposa Inter, makamaka R ndi g. Poti ndinalipira kale, pachikuto ndaisiya. Masamba onse a mkati, ndi matebulo omwe, ndi Inter, ndipo gulu lawo lachiwirilo sindigula.