Penti yatsopano m'munsi mwa khoma: ndemanga yanga pa ejenti wa nyumba pa boma la Mangochi

Ndakhala ndikuugwira mtima kwa nthawi yaitali, koma dzulo ndaona nyumba ija aiikanso pa Facebook. Zithunzi zomwe zija, mawu omwe aja akuti malo abwino, kamphepo kayaziyazi kochokera kumtsinje. Thupi lonse linachita tsemwe. Dzina la ofesi yawo sinditchula, koma zimene anatichita ndinena zonse.

Tinabwera kuno mu Seputembala 2023 atandisamutsa kuntchito kuchoka ku Zomba. Masiku anali ochepa, ana awiri ofunika malo a sukulu, ndiye nthawi yoyenda khomo ndi khomo kufunsa nyumba panalibe. Mnzanga wa kuntchito ndi amene anandilozera ejentiyu. Zina zonse mukuzidziwa kale: K10,000 yoonera nyumba, kabaza kulipira ndekha wanga ndi wa mnyamata wawo, lendi K150,000 pamwezi, miyezi itatu pakamodzi, dipoziti ya mwezi umodzi, komishoni yawo pamwamba. Ndinalipira osawiringula chifukwa nyumbayo ndinaikonda nditangolowa pageti.

Ndipo kunena zoona, ndi nyumba yomangidwa bwino. Zipinda zitatu, chimbudzi ndi bafa zam'kati, mpanda wa njerwa, mita ya ESCOM yakeyake yosagawana ndi munthu, mpopi wa Water Board pakhomo. Ili ndi siling'i komanso mawindo akuluakulu oyang'ana ku Shire. Amene munagonapo m'nyumba ya malata opanda siling'i mwezi wa Okutobala ku Mangochi mukudziwa kuti chimenechi si chinthu chaching'ono. Ife tinkagona tulo pamene anzathu ankayala mphasa panja.

Chinthu chimodzi chokha chinandidabwitsa tsiku loonalo. Makoma onse penti yake inali yakalekale, yofwifwa ndi dzuwa, koma m'munsi, kuchokera pansi kulekeza m'mawondo, anapaka yakuda yatsopano, yonyezimira, fungo lake likumvekabe. Titabwerera ku ofesi ndinawafunsa abwana awo. Anati, "Amayi, imeneyo ndi ya ana, kuti asamadetse khoma." Sindinalekere pomwepo. Ndinafunsa mosapsatira ngati madzi amafika pamalopo, poti mtsinje uli pafupi. Anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti namondwe wa Freddy anadutsa m'Malichi koma nyumbayo sinanyowe ngakhale khonde. Mawu amenewa ndi amene amandiwawa mpaka lero.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala, uthenga unabwera pa WhatsApp kuti lendi ikwera kufika K190,000, chikhalirecho pangano lathu linali la chaka chathunthu. Tinakokanakokana mpaka tinagwirizana K170,000. Zimenezo ndinazimeza, poti chilichonse chinali chitakwera.

Tsono 2024. Mukumbukira kuti chinali chaka cha ng'amba kummwera kuno, chimanga chinauma chili chiimire m'minda. Ndani akanaganiza za madzi osefukira? Koma kumpoto ndi ku Tanzania mvula inagwa yambiri, mitsinje yonse n'kuthira m'nyanja, ndipo nyanja yonseyi khomo lake lotulukira ndi limodzi, Shire yemweyu, wodutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi kupita ku Malombe mpaka kukafika pa baraji ya ku Liwonde. Tinkamva kuti malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, njira ya ku Monkey Bay, mchenga wawo wamira. Ine ndinkati ndi za kunyanja zimenezo, ife tili pa boma.

Chinayamba ndi chimbudzi. Kumapeto kwa Malichi ukathira madzi sankapita, ankangozungulira n'kubwerera. Ndinaimba ku ofesi, anati atumiza pulambala. Sanabwere. Kenako kuseri kwa nyumba dothi linayamba kufewa, ukaponda phazi n'kutitimira, pamene mvula sinagwe sabata zingapo. Achule usiku, udzudzu wosaneneka. Ndiye tsiku lina m'mawa mu Epulo ndikutsegula chitseko chakukhitchini kuti ndikoleze mbaula, ndinapeza bwalo lonse lili nyanja. Kumwamba kuli mbee, dzuwa likutuluka bwinobwino, koma masilipasi a mwana wanga wamng'ono akuyandama pafupi ndi geti. Madziwo sanabwere ndi mkokomo ayi. Anangotumphuka pansi mwakachetechete, tsiku lililonse n'kumakwera pang'ono. Thanki ya chimbudzi inadzaza n'kuyamba kulavula zam'kati mwake m'madzi omwewo. Fungo lake sindingalifotokoze. Ndi kolera amene anavuta boma lino mu 2022 ndi 2023, mtima wanga monga mayi unali m'mwamba. Ana ndinkawabereka kumsana mmodzimmodzi kukawasiya pamsewu kuti apite kusukulu, ndipo kukada palibe ankatuluka, poti aneba ankanena za ng'ona.

Patatha masiku anayi penti yakuda ija inayamba kutukumuka n'kumasupuka ngati khungu la mbatata yophika. Ndinakanda ndi chikhadabo. Pansi pake panali mzere wa matope, wowongoka ngati wojambula ndi rula, kuzungulira nyumba yonse. Mayi wina woyandikana nafe anandipeza nditaima m'madzi ndikuyang'ana khomalo. Anati, "Achemwali, simunadziwe? Chaka chatha anafika pomwepo. Amene analimo anasamuka usiku."

Ndinajambula mzerewo pa foni n'kupita ku ofesi. Anandikhazika pabenchi maola awiri, abwana ali m'kati ndikuwamva akuseka pa foni. Atatuluka ndinawaonetsa chithunzi. Sanachiyang'ane n'komwe. Anati madzi ndi a Mulungu, iwo salamula nyanja. Ndinati zoona, nyanja simulamula, koma burashi ya penti munaigwira ndinu, ndipo ndinakufunsani pamaso. Pamenepo nkhope inasintha. Akuti ngati ndikutuluka ndiye kuti ndathyola pangano chifukwa sindinapereke notisi ya mwezi umodzi, dipoziti sindiiona, komanso ndawononga penti ya khoma. Penti! Ndinatuluka misozi ili m'maso, osati ya chisoni koma ya ukali.

Komabe ndikanama ndikati onse a mu ofesi imeneyo ndi oipa. Madzulo a tsiku lomwelo mnyamata uja amene anandionetsa nyumba anafika ndi kalole ka mnzake konyamula usipa. Palibe anamutuma. Anapinda thalauza n'kulowa m'madzi onunkhawo, n'kusenza firiji pamutu iye ndi mwamuna wanga. Matiresi, mabuku a ana, thumba la ufa, zonse zinatuluka zouma. Anandiuza mwakachetechete kuti, "Amayi, pepani. Ndinkadziwa, koma ntchito ndi yomweyi." Ndalama anakana, anangolandira ya mafuta. Ndi yemweyo amene anatipezera nyumba tikukhalayi, kumtunda, yaing'ono komanso yotentha, koma youma, ndipo sanatengepo komishoni.

Eni nyumba nawonso ndinawaweruza msanga. Ndinkaganiza kuti ali limodzi ndi ejenti. Patapita sabata kunabwera agogo ena atafunda mpango, Chichewa chawo chosakaniza ndi Chiyao, kudzandifunafuna. Ndi mayi a eni nyumbayo. Mwana wawo ali ku Joni zaka zambiri, nyumbayo anamanga ndi ndalama za maganyu a kumeneko, kutumiza pang'onopang'ono, lero simenti, mawa malata. Puloti anagula mwezi wa Novembala, nyanja itatsika, malo ali gwa. Atandiimbira kuchokera ku Johannesburg tinadabwa tonse awiri. Iwo ankalandira K120,000 pamwezi, ndipo za kukwera kwa lendi kuja sanazimvepo n'kamodzi komwe. Anapepesa kangapo, ndipo mwezi wotsatira ananditumizira theka la dipoziti kuchokera m'thumba mwawo, ndalama imene sanaigwirepo n'komwe.

Ndimawamvera chisoni bambo amenewa, pamodzi ndi ambiri a kuno amene ali ku Joni akumanga nyumba za lendi pongoona zithunzi pa foni. Nyanja yathuyi imadzaza kwambiri mu Epulo ndi Meyi, n'kutsika chakumapeto kwa chaka. Malo a m'mbali mwa Shire amene amaoneka okongola nthawi yotentha, ukawaone nthawi imeneyo, ndipo ufunse amene akhalapo zaka, osati amene akudikira komishoni. Ine aneba ndinawapatsa moni tsiku loyamba lomwe, koma funso limeneli sindinawafunse chifukwa ndinakhulupirira munthu wa mu ofesi wovala tayi.

Ndiye nyumba ndiipatsa nyenyezi zinayi pa miyezi imene ili youma. Mnyamata uja zisanu. Abwana a ofesi sindiwapatsa kanthu. Theka lina la dipoziti, K75,000, akadali nalo, pamodzi ndi lendi ya masabata awiri a Epulo amene sitinagonemo. Malisiti onse ndinasunga, ndipo mwezi uliwonse ndimapitako kukakhala pabenchi paja.

Pa zithunzi za dzulo lendi alemba K250,000. Ndinakulitsa chithunzi cha kukhonde ndi zala kuti ndione bwino. Penti yakuda ija apakanso, ndipo ulendo uno yafika m'chiuno.