NumPy pa nkhani yopeza nambala yaikulu kuposa zonse: ndi yachangu, koma siichenjeza ikasintha nambala

NumPy ndi laibulale (gulu la zida zokonzedwa kale) ya Python, chinenero cholembera mapulogalamu, imene anthu ochuluka owerengera zinthu pa kompyuta akhala akuidalira kuchokera mu 2006, pamene Travis Oliphant anatulutsa NumPy 1.0 ataphatikiza ntchito za Numeric ndi Numarray. Ndi yaulere, ndipo mapulogalamu ena otchuka monga pandas ndi SciPy anamangidwa pamwamba pake. Pano ndikuunika ntchito yake imodzi yokha, yomwe ndi kupeza nambala yaikulu kuposa zonse pamene mndandanda wasakaniza manambala athunthu ndi manambala okhala ndi kadontho, amene olemba mapulogalamu amawatcha float. Kwa ine, NumPy ndi yoyenera kuigwiritsa ntchito, koma munthu ayenera kusankha yekha mtundu wa manambala ake, chifukwa akaisiyira chisankhocho imatha kupereka yankho lolakwika popanda chenjezo lililonse.

Pa manambala wamba palibe chodandaulitsa. Mukaipatsa 3, 7.5 ndi 2, np.max, chida cha NumPy chopezera nambala yaikulu mu mndandanda, imabweza 7.5, ndipo pa mndandanda wa manambala mamiliyoni imathamanga kwambiri kuposa max ya Python, popeza kuyerekeza kwake kumachitika m'chinenero cha C.

Vuto limayambira pa lamulo lakuti mndandanda wa NumPy umasunga mtundu umodzi wokha wa manambala. Mukasakaniza athunthu ndi a kadontho, onse amasandutsidwa float64, mtundu wa float wotenga mabiti 64 (biti ndi kamalo kosunga 0 kapena 1 m'kompyuta), kuyerekeza kusanayambe. Malinga ndi IEEE 754, muyezo wa kasungidwe ka float m'kompyuta, float64 ili ndi mabiti 53 osungira manambala molondola, kotero imasunga nambala yathunthu iliyonse mpaka 9007199254740992, koma kupitirira apo imayamba kulumpha ena. Nambala 9007199254740993 ilibe malo mu float64. Mukaiika pamodzi ndi 0.5, np.max imabweza 9007199254740992.0, nambala imene inuyo simunailembe. Max ya Python ikapatsidwa manambala awiri omwewo imabweza 9007199254740993 osasintha, chifukwa Python imayerekeza nambala yathunthu ndi float molondola popanda kusandutsa imodzi kukhala inzake. Pa mfundo imeneyi chida chochedwa chija ndicho cholondola.

Ena anganene kuti manambala otalika chonchi sapezeka pa ntchito yeniyeni, koma amapezeka. Nthawi yowerengedwa m'ma nanosecond (nanosecond ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a sekondi) kuchokera mu 1970 inadutsa kale malire amenewa, ndipo pa msinkhu umene yafika m'zaka zino ma float64 awiri oyandikana amasiyana ndi 256. Zinthu ziwiri zochitika motalikirana ndi ma nanosecond 100 zikhoza kuoneka ngati zinachitika nthawi imodzi, monga momwe wogulitsa chimanga pa ndowa sasiyanitsira ndowa ziwiri zosiyana ndi njere zochepa. Choopsa kwambiri ndi np.argmax, imene imauza malo amene nambala yaikulu ili. Manambala awiri akafanana imasankha yoyamba, ndiye ngati kufananako kwabwera chifukwa cha kusandutsa, imaloza mzere wolakwika ndipo palibe chosonyeza kuti pali cholakwika. Ogwiritsa ntchito pandas amakumana ndi zimenezi kawirikawiri, chifukwa mzati wa manambala athunthu ukakhala ndi malo amodzi opanda kanthu umasanduka float64, pokhapokha munthu atasankha mtundu wa Int64 umene umalola malo oterowo.

Chimene chimandidabwitsa koposa ndi chakuti vutoli limabwera ngakhale pamene palibe float iliyonse. Mukayerekeza int64 ndi uint64 (mitundu iwiri ya manambala athunthu ya mabiti 64, wachiwiriwo sulola manambala ochepera 0) pogwiritsa ntchito np.maximum, imene imayerekeza mindandanda iwiri nambala ndi nambala, NumPy imapeza kuti palibe mtundu wa manambala athunthu umene ungakwane onse awiri, ndiye imathawira ku float64. Motero 9223372036854775807, nambala yaikulu kuposa zonse mu int64, imabwera ngati 9223372036854775808, imene singabwererenso mu int64. Chifukwa cha lamuloli ndi chomveka, komabe ndikuona kuti kukana kapena kuchenjeza kukanathandiza anthu ambiri kuposa kukhala chete.

Pa nkhani ya NaN, chizindikiro cha chinthu chimene si nambala, NumPy ndiyo yachita bwino kuposa Python. Max ya Python imapereka yankho lotengera dongosolo la manambala: NaN ikakhala patsogolo pa 1 yankho limakhala NaN, ikakhala pambuyo yankho limakhala 1, chifukwa kuyerekeza kukula kwa NaN ndi nambala ina iliyonse kumatuluka kuti si zoona. NumPy ili ndi lamulo lokhazikika. Onse np.max ndi np.maximum amabweza NaN ikapezeka paliponse, pamene np.nanmax ndi np.fmax amaidumpha, ndipo np.nanmax imachenjeza ngati mndandanda wonse uli ndi NaN zokhazokha. Wolemba pulogalamu amasankha yekha khalidwe limene akufuna, ndipo dzina limene walemba limasonyeza chisankhocho kwa aliyense amene adzawerenge pulogalamuyo.

NumPy 2.0, imene inatuluka mu June 2024, inasintha malamulo osakaniza mitundu potsatira chikalata chotchedwa NEP 50. Kale, mndandanda wa uint8 (manambala athunthu a mabiti 8) ukayerekezedwa ndi nambala 300 kudzera mu np.maximum, NumPy inkayang'ana kukula kwa nambalayo n'kukulitsa mtundu kukhala uint16, wa mabiti 16. Tsopano imakana ndi OverflowError, uthenga woti nambala yapitirira malire, popeza uint8 imathera pa 255. Kusinthaku kunasokoneza mapulogalamu ena akale, koma ndikukuyamikira chifukwa mtundu wa yankho sudaliranso kukula kwa nambala imene yabwera tsiku limenelo. Ngakhale zili choncho, mndandanda wa float32 (float ya mabiti 32), umene umasunga molondola manambala athunthu onse mpaka 16777216 basi, ukayerekezedwa ndi 16777217 yolembedwa mu Python umabwezabe 16777216.0 mwakachetechete.

Mndandanda wopanda kanthu umachititsa np.max kuima ndi uthenga wa cholakwika wotchedwa ValueError, ndipo zimenezi n'zoyenera. Mankhwala ake ndi kupereka nambala yoyambira kudzera mu initial, koma apanso mtundu umafunika kuusamala, chifukwa -np.inf, yomwe imaimira kuchepa kopanda malire, imagwira pa float pokha. Pa int64 muyenera kugwiritsa ntchito np.iinfo kuti mupeze nambala yaing'ono kuposa zonse ya mtunduwo, yomwe ndi -9223372036854775808.

Amene ali ndi manambala athunthu oposa mabiti 53 angachite bwino kusunga athunthu ndi a kadontho m'mindandanda yosiyana, kupeza yaikulu ya mndandanda uliwonse ndi np.max, kenako n'kuyerekeza mayankho awiriwo ndi max ya Python atawasandutsa manambala a Python kudzera mu chida cha NumPy chotchedwa item. Njira ina ndiyo kugwiritsa ntchito dtype=object, imene imasunga nambala iliyonse momwe inalembedwera, koma imataya liwiro lija popeza kuyerekeza kulikonse kumabwerera ku Python.