FreeCAD FEM pa sitandi ya thanki ku Chipoka, ndaipatsa nyenyezi 4 pa 5

Ndati ndilembeko za FreeCAD, pulogalamu ya pakompyuta yojambulira zinthu zauinjiniya, makamaka mbali yake ya FEM (finite element method), njira yowerengera ngati chinthu chipirira katundu pochidula m'tizidutswa, poti anzanga ambiri amene tinaphunzira nawo zauinjiniya amaganizabe kuti finite element ndi ya anthu a mapulogalamu olipira a ANSYS ndi Abaqus okhaokha, aja ochita kafukufuku kuyunivesite, pomwe ife kuno ku Salima mtengo wa laisensi yakeyo sitingaufikire olo pang'ono. FreeCAD ndi yaulere, umangodaunilodi kamodzi basi, ikatero imagwira popanda intaneti, bandulo yako ili phee. Ine ndili ndi 1.0 imene inatuluka mu Novembala 2024.

Ntchito imene ndinaiyesera zenizeni inali sitandi ya thanki ya malita 5,000, yotalika mamita 6, ya alimi ena othirira ndi pampu ya sola cha ku Chipoka. Madzi okhawo ndi matani 5, ndiye kuti mwendo uliwonse mwa inayiyo ukusenza 12 kN (ma kilonewton, muyeso wa mphamvu) ndi kanthu. Madala amene amatiwotcherera, munthu waluso lake ndithu, anati angle iron ya 50x50x5 ikwana, mipiringidzo n'kumaika pa mamita 3 aliwonse, akuti akhala akupanga choncho kuyambira kale. Sindinafune kutsutsana nawo pakamwa chabe.

Ndinajambula, kapulogalamu ka Gmsh n'kudula chitsulo chonsecho m'tizidutswa ting'onoting'ono, ndinaika manambala a khalidwe la chitsulo, 210 GPa ndi Poisson 0.3, kenako kapulogalamu kena ka CalculiX n'kuwerengera. Poyamba zinaoneka bhobho, stress (kupanikizika kwa chitsulo) m'miyendo inali cha m'ma 26 MPa, pomwe chitsulo cha mtundu wa S275 chimayamba kugonja pa 275. Koma nditasintha n'kuika buckling, yoona ngati mwendo upindika ndi katundu, eee, factor inatsika kufika pansi pa 1, kutanthauza kuti supirira, ndipo pa sikirini ndinaona mwendo ukupindika ngati uta pakati pa mipiringidzo iwiri ija. Ndinatenga pepala n'kuwerengera ndi fomula ya Euler, zinandipatsa kuti mwendo upindika cha m'ma 10 kN, pomwe ukusenza 12, ndiye kuti pulogalamuyo simanama ayi, thanki ikanangodzadza sitandi ikanakhala pansi, mwera wa mwezi wa Julayi uja usanawombe n'komwe. Titaika mipiringidzo pa mita 1.5 mphamvu inakwera pafupifupi kanayi, chifukwa ukadula utali pakati zimatero. Madala aja nditawaonetsa chithunzi chopindikacho anangoti, "Mwanawe, onjezera zitsulozo." Chithunzicho chinandigwirira ntchito imene masamu anga apapepala sakanaitha pamaso pawo, ndipo apa mpamene ndinaikondera kwambiri.

Zoti musamale nazo anzanga, mesh, kadulidwe ka tizidutswa tija. Mukasiya ma tetrahedron (tizidutswa ta mbali zinayi) a first order chitsulo chimaoneka cholimba kuposa mmene chilili, ikani second order. Komanso pa kona yakuthwa pamafiira kwambiri pa sikirini, kusonyeza stress yaikulu, ndipo mukamachepetsa tizidutswa nambala imangokwererakwerera, musanjenjemere, ndi masamu ake a njirayi osati kuti chitsulo chathyoka, yang'anani chapatali pang'ono ndi konayo. Zitsulo zopyapyala ngati izi zimadya RAM mukazipanga solid, laputopu yanga ya 8GB inkatentha mpaka fani kulira, magetsi n'kuthimanso pakati, ndinaphunzira kugwiritsa ntchito shell (kuchijambula ngati pepala n'kungolemba kukhuthala kwake) ndi kusevera pafupipafupi.

Nyenyezi yachisanuyo ndaisunga chifukwa munthu woyamba kumene avutika kaye, mabatani ndi ambiri, ndipo pulogalamuyi sikuuza kuti katundu wa mphepo uike wochuluka bwanji kapena ngati maziko akwana pa dothi lamchenga la kunyanja kuno, zimenezo uziwerengera wekha ndi ma code ako a zomangamanga. Sitandi ija inaimikidwa, thanki ikudzadza tsiku ndi tsiku, panopa ndikujambula denga la shedi ya mpunga ndipo ndiyambira buckling yomweyo.