Mtengo wa Khirisimasi weniweni kapena wapulasitiki, ife tayesa yonse iwiri

Chaka chatha mtengo wathu unagwa usiku cha m'ma 2 koloko, tonse tinadzambatuka kuganiza kuti m'nyumba mwalowa akuba. Tinaupeza uli kwala pansi, madzi a mu sitandi atakhuthukira pa kapeti, timipira tagalasi titaswekera paliponse, mphaka ali phee kunsi kwa mpando. Mwana wanga wamng'ono analira mpaka kutsekera mawu chifukwa kanyenyezi kamene anadula yekha pa katoni kananyowa n'kung'ambika. Ndiye ngati muli m'maganizo kuti mutenge uti chaka chino, ndikuuzeni zomwe ndaona ndi maso anga.

Mtengo weniweni, wa paini kapena mitundu ina yofanana nawo, chimene umapambanira ndi fungo basi. Ukangolowa m'nyumba umadziwiratu kuti nyengo yafika, ndipo palibe pafyumu amene angafanane nalo. Koma anthu amaiwala kuti ndi chomera chodulidwa, chili ngati duwa la mu botolo, chimafuna madzi. Ukadulidwa utomoni umatseka kumunsi kwa thunthu pakangopita maola ochepa, ndiye mukafika nawo kunyumba muzichekako kaye pang'ono, masentimita awiri okha, kenaka nthawi yomweyo muuimike m'madzi. Masiku oyamba umamwa modabwitsa, m'mawa mwadzaza madzulo mupeza atsika. Mukangouiwala madzi n'kuphwa mpaka thunthu kukhala pamtunda, umatsekanso ndipo sumwanso bwino ngakhale muthire bwanji. Ife chaka choyamba sitinkadziwa zimenezi, pofika pa 25 timasamba tinali tikuyoyoka ukangoukhudza, mwana ankakwawa nthawi imeneyo ndiye ndinkasesa katatu pa tsiku poopa kuti atola n'kuika m'kamwa. Ndipo mtengo wouma ndi nkhuni, kamoto pang'ono kokha umayaka wonse m'kanthawi kochepa zedi. Ukasamalidwa bwino umatha kukhala wobiriwira pafupifupi masabata anayi. Uzikhala patali ndi chilichonse chotentha, mita imodzi kapena kuposa.

China, ndi wolemera ndipo thunthu lake silikhala lowongoka ngati rula. Wathu uja unagwa chifukwa thunthu linali lopindika pang'ono, sitandi inali yaing'ono, zokongoletsa zonse tinaziunjika mbali yoyang'ana ku mipando chifukwa ndi kumene anthu amaona, mphaka anangomalizitsa. Zikanapeweka ndi kachingwe kamodzi komangirira pa msomali wa kukhoma. Panopa kaya ndi mtengo uti, ndimamanga kaye tisanakolowekepo kanthu.

Mitengo yochita kupanga siyachilendo ayi, yoyamba inkapangidwa ku Germany zaka za m'ma 1800 ndi nthenga za atsekwe zopaka utoto wobiriwira, masiku ano yambiri ndi ya pulasitiki wotchedwa PVC ndi mawaya. Ubwino wake ndi wodziwikiratu, suthirira, suyoyola, mukhoza kuuimika Novembala akutha n'kuuchotsa Januwale palibe chosintha. Kwa amene masamba a paini amawayabwa kapena kuwayetsemulitsa, nkhani yathera pomwepo. Koma musanamizidwe ndi chithunzi cha pa bokosi. Ukatuluka umakhala wofinyika ngati tsache lakale, muyenera kutambasula nthambi imodzi imodzi, kathambi kalikonse, ntchito ya ola lathunthu ndipo manja amakalika. Apa ndi pomwe kwathu timakanganirana chaka chilichonse chimene tautulutsa, ana amafuna ayambe kukoloweka, bambo awo akuti dikirani kaye, ine ndikufunafuna mwendo wachitatu wa sitandi umene unasochera m'katoni ina. Komanso poti ndi wopepuka, mwana akangokoka nthambi ya pansi umabwera wonse, ndiye musaganize kuti wapulasitiki sugwa. Ndipo nawonso umapsa, osaika makandulo pafupi.

Ena amati kugula wapulasitiki ndi kupulumutsa mitengo. Ine ndimaona kuti sizophweka choncho. Yeniyeni yambiri imalimidwa m'minda ngati mbewu ina iliyonse, imatenga zaka 7 kapena kuposerapo kuti ifike msinkhu wa m'nyumba, akadula amadzalanso, ndipo ikatha ntchito imawola. Wapulasitiki suwola, ndipo ndi wovuta kuupanganso chinthu china poti pulasitiki ndi chitsulo zinalukana. Ndiye ngati mwautenga muusunge zaka zambiri, osati kusintha chifukwa kwabwera wina woyera. Amene amabwera ndi magetsi ake omangiratu aja ine sindiwakonda, magetsi akafa mumatsala ndi mtengo wamawaya akufa ovuta kumasula.

Pa magetsi pokha sindizengereza, LED basi, timababu tamakono tosadya magetsi ambiri. Kale anthu ankayatsa makandulo enieni pa mtengo ndipo nyumba zinkapsa, kenaka mu 1882 Edward Johnson, mnzake wa Thomas Edison, anaika mababu 80 ofiira, oyera ndi abuluu pa mtengo wa kunyumba kwake ku New York. Timababu takale tija timawala mofatsa mokoma, ndikuvomera, koma timatentha, timadya magetsi, ndipo poti tinalumikizidwa motsatizana pa waya mmodzi kamodzi kakamasuka mzere wonse umazima. Ife tinakhalapo usiku wina mpaka 11 koloko kuyesa kababu kamodzi kamodzi, magetsiwo tili titawazunguliza kale pa mtengo, timipira tili pamwamba pake, ana anagona osaona mtengo ukuyaka ndipo zinandipweteka mtima. A LED satentha kwenikweni, mwana akagwira sapsa. Mungoyang'ana pa bokosi kuti ndi oyera mofundira, chifukwa ena aja amawala mobiriwira ngati m'chipatala. Muziwayesa pa soketi musanawakweze, magetsi ayambe timipira pambuyo, pogona muzimitse, ndipo posunga muwakulunge pa kachidutswa ka katoni kuti chaka chamawa asapiringizike.

Timipira tagalasi ndi tokongola kuposa tapulasitiki, apo palibe mtsutso, timanyezimira mwamtundu wina. Koma usiku uja tinasweka tinayi timene amayi anga anandipatsa, tinali titakhala m'banja mwathu kuyambira ndili mwana, ndipo timagalasi take ndi topyapyala moti patatha sabata ndinali ndikutolabe mu kapeti. Tatsala tiwiri, timeneti timakhala pamwamba penipeni, pansi ponse ndi tapulasitiki ndi zomwe ana apanga okha ndi mapepala. Amene muli ndi mphaka, tizingwe tonyezimira tija tisiyeni kumene, akameza timakola m'matumbo mpaka kufunika opaleshoni.

Ndiye ine ndimati muone kaye amene akukhala m'nyumba mwanu. Ngati muli akuluakulu okhaokha ndipo pali mmodzi amene sangaiwale kuthira madzi tsiku ndi tsiku, tengani weniweni, simudandaula. Ife tili ndi ana awiri ndi mphaka wokonda kukwera, chaka chino titulutsa wapulasitiki uja, LED, chingwe kukhoma, kenaka tiika nthambi zingapo za paini mu botolo la madzi pa shelefu yapamwamba kuti fungo lija lisatisowe. Wamng'ono wayamba kale kudula nyenyezi ina, ndipo wanena kuti aikweza yekha bambo ake atamunyamula.