Mchenga wotambalala, dziwe la m'miyala kapena gombe lobisika: tikasambe kuti?

Okonda nyanja yamchere akamatsutsana za malo abwino osambira, kawirikawiri amakhala akukamba zinthu ziwiri zosiyana. Wina akunena malo okoma m'maso, mnzake akunena malo amene ungalowe m'madzi n'kutulukamo mtima uli m'malo. Pachilumba cha La Digue ku Seychelles kusiyanaku kumaonekera poyera. Anse Source d'Argent, gombe lotchuka ndi miyala yake ikuluikulu yosalala, lili ndi madzi osaya otchingidwa ndi matanthwe a korali, moti nyanja ikaphwa (madzi a nyanja yamchere amadzaza n'kubwerera tsiku lililonse) umangoyenda madzi akulekeza m'maondo. Mbali ina ya chilumba chomwecho kuli Grand Anse, kumene mchenga ndi wotambalala, mafunde ndi aakulu, ndipo madzi amakoka zedi, makamaka m'miyezi imene mphepo imachokera kum'mwera chakum'mawa. Konseku zithunzi zimatuluka bwino. Koma koyambako madzi amachepa kuti usambire mokhutira, kwachiwiriko amakuposa mphamvu.

Tiyambe ndi gombe lamchenga lotseguka, poti ndi kumene ambiri amathamangira. Ubwino wake sufuna kukambirana: malo ndi aakulu, pansi palibe chobaya phazi, ana amakumba mchenga, akulu amalimbana ndi mafunde. Bondi ku Sydney, Australia, ndi magombe a Durban ndi amtundu umenewu. Vuto lake ndi limodzi, koma ndi lalikulu. Mafunde amatutira madzi kumtunda osalekeza, ndipo madziwo ayenera kubwerera. Akapeza mpata pakati pa milu ya mchenga ya pansi pamadzi, amadzikumbira ngalande n'kumathamangira kunyanja yakuya kudzera momwemo. Liwiro lake nthawi zambiri limakhala pafupifupi theka la mita pa sekondi, koma lina linayezedwapo kufika mamita 2.5 pa sekondi, liwiro loposa la katswiri wosambira wa ku Olympics. Bungwe la United States Lifesaving Association limati mwa anthu 100 alionse opulumutsidwa pamagombe a mafunde, oposa 80 amakhala atagwidwa ndi madzi obwererawa.

Chonyenga n'chakuti ngalandeyi imakhala pamalo ooneka odekha. Mukaima pamalo okwera n'kuyang'ana, muona mafunde akusweka oyera kumanja ndi kumanzere, koma pakati pali kanjira kamadzi akuda pang'ono, opanda thovu lambiri, ndipo tizinyalala ndi udzu wa m'nyanja zikuyandama kulowera kutali. Mlendo amene sadziwa amasankha pomwepo, amati apa ndiye pabwino kulowa ndi mwana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akakugwirani madziwa sakukokerani pansi ayi, amangokunyamulani kupita nanu kutali ndi mtunda, ndipo chimene chimamiza anthu n'kutopa polimbana nawo. Yandamani, kwezani dzanja kuti akuoneni, kapena sambirani cham'mbali motsata gombe mpaka mutatuluka m'kanjirako. Ngakhale gombe lokhala ndi alonda silisowa tsoka: pa 6 February 1938, mafunde aakulu otsatizana anakokolola anthu oposa 200 pa Bondi, ndipo 5 anamwalira. Enawo anapulumuka chifukwa opulumutsa anali pomwepo. N'chifukwa chake ine gombe lotseguka ndimalivomereza pokhapokha pali mbendera zofiira ndi zachikasu zosonyeza malo amene opulumutsa akuyang'anira, ndipo ndisambira pakati pa mbenderazo basi. Gombe lalitali lopanda munthu, lija timalisirira pazithunzi, ndi loyendapo madzulo.

Dziwe la m'miyala ndi nkhani ina, ndipo ndisabise, ndilo ndimalikondera. Awa ndi maiwe amene amadzala nyanja ikadzaza, kenaka n'kutsala ndi madzi ake nyanja ikaphwa. Ena ndi achilengedwe, monga a ku Porto Moniz pachilumba cha Madeira, amene anapangika ndi chiphalaphala cha phiri lophulika chitauma m'mphepete mwa nyanja. Ena anthu anawathandizira: dziwe la St James ku False Bay, pafupi ndi Cape Town, lili ndi khoma lomangidwa, pamene Bogey Hole ku Newcastle, Australia, anachita kulisema m'thanthwe akaidi cha m'ma 1820 molamulidwa ndi James Morisset, mkulu wa malowo nthawi imeneyo. M'dziwe lotere mulibe madzi okoka. Mafunde amasweka pakhoma kapena pathanthwe lakunja, kwa iwe kumangofika thovu ndi mkokomo. Madzi otsekeredwa amatenthedwa ndi dzuwa, choncho amakhala ofundirapo kuposa a kunja. Ukaika nkhope m'madzi, tinsomba tamizeremizere timathawira m'ming'alu, nkhanu ikuyenda cham'mbali pansi pa mwala, ndipo zonsezi ukuziona pafupi poti madzi sakugwedezeka.

Zoipa zake zilipo ndithu. Miyala yomera ndere imaterera koopsa, ndipo m'ming'alu mumakhala tinyama tozungulira tokhala ndi minga zazitali zakuda. Munga ukathyokera m'phazi, ulendo wonse wasokonekera. Nsapato zamphira zolowa nazo m'madzi n'zofunika pano kuposa kwina kulikonse. Dziwe laling'ono limene nyanja sinalowemo masiku angapo limayamba kununkha, makamaka anthu akachuluka. Koma choopsa kwenikweni ndi funde limodzi lalikulu lodumpha thanthwe mosayembekezereka. Ku Figure Eight Pools, m'nkhalango ya Royal National Park kum'mwera kwa Sydney, anthu ambiri avulalapo atagwetsedwa ndi funde akujambulitsa, ndipo ku Queen's Bath pachilumba cha Kauai ku Hawaii ena anakokedwa mpaka kumwalira. Dziwe la m'miyala limakhala lotetezeka nyanja ikaphwa ndiponso ikakhala bata. Ikadzaza kapena kunja kukakhala mafunde aakulu, malo omwewo amasanduka msampha. Pamiyala musafulatire nyanja. Za akuti dziwe ndi la ana ndi okalamba chifukwa ndi laling'ono, akaone la Bondi Icebergs, lotalika mamita 50, limene kalabu yake inayamba mu 1929 ndipo anthu ake amasambira ngakhale m'nyengo yozizira.

Pakati pa ziwirizi pali gombe lobisika, lolowa m'kati pakati pa matanthwe kapena mapiri. Pa kukongola, limeneli ndiye lopambana, ndipo sindikuganiza kuti pali wotsutsa. Matanthwe amathyola mphamvu ya mafunde ndi mphepo, pansi pamakhalabe mchenga, komanso pali malo okwanira kusambira mtunda ndithu. Clifton ku Cape Town ndi magombe 4 ang'onoang'ono olekanitsidwa ndi miyala, ndipo mphepo ikamavutitsa mzinda wonse, kumeneko kumakhala phee. Koma ponyani phazi m'madzimo mumve. Mbali imeneyo ndi ya Atlantic, ndipo madzi ake nthawi zambiri amakhala pansi pa madigiri 15 Celsius. Chodabwitsa n'chakuti amazizira kwambiri m'chilimwe, chifukwa mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imakankhira kutali madzi ofunda a pamwamba, ozizira a pansi n'kukwera. Madzi ozizira chotero amabanikitsa munthu akangodumphiramo, mpweya n'kumabwera mosalamulirika kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, choncho lowani pang'onopang'ono. Mukazungulira kupita ku False Bay, ku Boulders pafupi ndi Simon's Town, madzi ndi ofundirapo ndipo mumasambira moyandikana ndi mbalame za penguin zimene zinakhazikika kumeneko kuyambira 1982. Vuto lina la magombe obisika n'lakuti ambiri alibe opulumutsa, foni sigwira, ndipo kanjira kotsikira kamadutsa pansi pa thanthwe pamene nyanja ikadzaza pamatsekeka.

Pamathiriro a mtsinje sindichedwapo. Madzi ndi ofunda, osaya, mchere ndi wochepa, ana amasangalala. Komabe nyanja ikamaphwa, madzi onse amene analowa mumtsinje amatulukira pakhomo lopapatiza mwaliwiro, mvula ikagwa kumtunda uve wonse umathera pomwepo, ndipo shaki ya mtundu wa bull shark imalowa m'mitsinje popanda vuto. Ku St Lucia ku South Africa muli ng'ona ndi mvuu. Kwa ine malowa ndi omalizira.

Ndiye kusankha kumadalira amene mwapita naye. Ndi ana kapena munthu wongophunzira kumene, dziwe lokhala ndi khoma ndilo loyamba, nyanja itaphwa. Wodziwa kusambira amene akufuna madzi akuya ndi bata apite kugombe lobisika, asakhale yekha. Wofuna kumenyedwa ndi mafunde apite kumchenga wotambalala kumene kuli mbendera.

Chimene chimasokoneza masanjidwe onsewa ndi nthawi. M'magombe ambiri nyanja imadzaza kawiri n'kuphwa kawiri pa maola 24 ndi mphindi 50, ndipo kusinthaku kumakula mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa kumene. Kukula kwake kumasiyananso malo ndi malo. M'nyanja ya Mediterranean kusinthaku n'kochepa moti ambiri sakuzindikira n'komwe. Ku Paje ndi ku Jambiani, kum'mawa kwa Zanzibar, madzi amathawa kutali kwambiri n'kusiya mchenga wonyowa wokhawokha, pamene ku Nungwi, kumpoto kwa chilumba chomwecho, mungasambe pafupifupi ola lililonse poti pansi pamatsetsereka msanga. Ndandanda ya maola amenewa imapezeka pa intaneti pa doko lililonse lalikulu, ndipo ndi yofunika kuiona tsiku lomwelo, popeza nthawi imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Dziwe limene mnzanu analipeza lili bata 10 koloko m'mawa Loweruka lapitali, Loweruka likubwerali pa ola lomwelo likhala litamizidwa ndi nyanja yodzaza.