Bokosi la masilaidi a Porifera ndi Cnidaria: magalasi ake ndi abwino, kabuku kake n'kachikale

Ndapereka nyenyezi 4 mwa 5.

Ndimaphunzitsa biology ana a Fomu 5 ndi 6 madzulo ndi Loweruka kuno ku Mufakose, mumzinda wa Harare, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana a m'mabanja a mpingo wathu wa CCAP. Bokosili ndinaligula m'tauni, pashopu ina yogulitsa zipangizo za m'malabotale a sukulu, ndipo ndaligwiritsa ntchito temu yathunthu. Muli masilaidi 12 okonzeratu a magulu awiri a nyama, Porifera (masiponji) ndi Cnidaria (ma jellyfish, makorali ndi abale awo), kachidutswa kouma ka siponji ya m'nyanja, ndi kabuku kofotokoza. Maikulosikopu mulibe. Muyenera kukhala nayo kale, ndipo ikhale yokulitsa mpaka ka 400, apo ayi zina simuziona.

Zimbabwe ilibe nyanja ya mchere, choncho ana athu ambiri nyamazi amangoziona pazithunzi. Ukawauza kuti siponji ndi nyama, iwo amaganiza za thovu lotsukira mbale kapena chinkhupule chosambira, chomwe ndi chipatso cha mbewu yoyanga. Amalemba m'kope, amaloweza, koma ukawayang'ana m'maso umaona kuti sakukhulupirira. Ichi ndicho chinandipangitsa kutulutsa ndalama.

Silaidi imene yandigwirira ntchito kuposa zonse ndi ya siponji yotchedwa Sycon yodulidwa mopingasa. Utoto anauthira bwino, ndipo mwana amatha kutsata yekha njira ya madzi: amalowera m'timabowo ta pakhungu, n'kudutsa m'tingalande, n'kufika m'chibowo chapakati, kenaka n'kutulukira pakamwa papamwamba potchedwa osculum. M'mbali mwa tingalandeto mwandandalika maselo otchedwa choanocyte. Lililonse lili ndi kolala ndi kamchira kamodzi. Timichirato ndito timakankha madzi, ndipo kolala imagwira mabakiteriya ndi tizakudya tina. Palibe mimba, palibe mitsempha, palibe minofu. Chakudya chimagayidwa m'kati mwa selo lenilenilo. Mwana akaona zimenezi ndi maso ake, funso lakuti n'chifukwa chiyani Porifera aikidwa paokha limayankhika lokha. Pamenepa ndimawafotokozeranso za Robert Grant wa ku Edinburgh, yemwe m'zaka za m'ma 1820 anaonetsa kuti madzi amayenda chonchi m'thupi la siponji, ndiponso za H. V. Wilson, yemwe mu 1907 anafinyira siponji yamoyo pansalu ya silika mpaka maselo onse kumwazikana, maselowo n'kudzasonkhananso okha n'kuyamba timasiponji tatsopano. Nkhani imeneyi ana saiiwala.

Silaidi ya timinga ta siponji, ma spicule, nayonso ndi yoyera bwino. Tina tili ndi nsonga zitatu, tina n'towongoka. Kachidutswa kouma kaja kamathandiza posiyanitsa, chifukwa siponji yosambira ilibe timinga, chigoba chake ndi ulusi wofewa wotchedwa spongin. Ndinakanyowetsa n'kupatsa aliyense kuti akhudze.

Ku mbali ya Cnidaria kuli Hydra yathunthu (kanyama kakang'ono ka timanja ka m'madzi opanda mchere), Hydra yophukira mwana m'mbali, Hydra yodulidwa, Obelia (tinyama ta m'nyanja tolumikizana ngati nthambi), ndi kamwana ka jellyfish ya Aurelia kotchedwa ephyra. Ya Obelia ndi yokongola zedi. Panthambi imodzi mwana amaona timitu todya tokhala ndi timanja, ndi timitu tina topanda timanja tobala ma medusa, tija tooneka ngati ambulera. Kusiyana kwa polyp yokhazikika pamalo ndi medusa yosambira, komwe ndinkavutika nako pabolodi, pano kumaoneka nthawi yomweyo. Pa timanja ta Hydra, ukakulitsa ka 400, umaona timibulu ta maselo oluma, omwe ndiwo chizindikiro cha gulu lonseli. Mtsikana wina amene anapitako ku Beira ndi makolo ake anatifotokozera mmene mng'ono wake analumidwira pagombe ndi bluebottle, chamoyo choyandama cha gulu lomweli, ndipo anzake anati ndiye kuti n'chimodzimodzi chitedze. Kuwawa kwake mwina n'kofanana, koma chitedze chimangodikira kuti uchikhudze ubweya ukumatirire, pomwe selo loluma lili ndi kaulusi kopindidwa m'kabotolo, kamene kamafwamphuka mwamphamvu n'kubaya poizoni. Kakatuluka kamodzi basi, selolo latha ntchito, thupi lipange lina. Ndipo bluebottle yo si nyama imodzi ayi, ndi gulu la tinyama tolumikizana, tina toyandamitsa, tina todya, tina tobereka.

Tsopano zodandaula. Hydra yodulidwa anaithira utoto wambiri, moti magawo awiri a khungu, lakunja ndi lam'kati, akuoneka ngati chinthu chimodzi chakuda, ndipo kamzere konga phala kotchedwa mesoglea pakati pake sikaoneka n'komwe. Imeneyi ndiyo silaidi yofunika posonyeza kuti nyamazi zili ndi magawo awiri okha, kotero zinandipweteka. Silaidi ina inafika ili ndi mng'alu pakona. Nditabwerera kushopu anandilandira mwaulemu n'kundisinthira yosweka ija, koma ya utoto anati zonse zimene ali nazo n'zotero.

Dandaulo langa lalikulu lili pa kabuku. Kakulembabe dzina lakale la Coelenterata m'malo mwa Cnidaria, n'kuphatikizamo ma comb jelly (nyama zooneka ngati jellyfish), chikhalirecho amenewo anapatulidwa kalekale kukhala gulu laolao la Ctenophora chifukwa alibe maselo oluma. Masiponji kawagawa patatu: Calcarea a timinga ta laimu, Hexactinellida a timinga tonga galasi (silica) ta nsonga zisanu ndi imodzi, ndi Demospongiae, omwe ndiwo ochuluka koposa. Koma chiyambire 2012 akatswiri amawerenga magawo anayi, lachinayi ndi Homoscleromorpha. Ku Cnidaria kangotchula Hydrozoa, Scyphozoa ndi Anthozoa, gawo lomaliziralo ndilo muli makorali ndi ma anemone omwe sakhala ndi medusa m'moyo wawo wonse. Cubozoa, ma box jellyfish aja amene ena mwa iwo amapha munthu, mulibe. Staurozoa, omwe anakhala gawo paokha mu 2004, mulibenso. Sindikunena kuti mwana wa Fomu 6 aloweze zonsezi. Koma mwana amene angapite kuyunivesite ndi kabuku aka m'mutu adzafunika kufufuta zimene anaphunzira, ndipo kholo lomwe lagulira mwana wake kuti aziwerenga yekha kunyumba silingadziwe kuti pali cholakwika.

Chinanso chimene chimandikhudza mtima n'chakuti kabukuka kakulankhula ngati nyamazi ndi za m'nyanja ya mchere yokha. Zoona, zambiri zili kumeneko. Koma kunyanja ya Kariba kuno kuli jellyfish ya m'madzi opanda mchere, Limnocnida tanganyicae, yaing'ono, ya m'gulu la Hydrozoa, yomwe inayamba kudziwika ku nyanja ya Tanganyika. Ndipo m'nyanja ya Malawi, kwawo kwa agogo a ana ambiri amene ndimaphunzitsa, muli siponji yotchedwa Malawispongia echinoides. Nditalemba dzina limeneli pabolodi ana anasangalala kwambiri, ndipo mnyamata wina anati akafunsa agogo ake aamuna, omwe anali msodzi ku Nkhotakota asanabwere kuno, ngati anaziwonapo pamiyala. Bokosi logulitsidwa kuno likanayenera kukhala ndi silaidi ya gemmule, timibulu tolimba timene masiponji a m'madzi opanda mchere amasiya kuti mtundu wawo upulumuke madzi akauma. Kwa ife amene timaona madamu akuphwa chaka ndi chaka, phunziro limenelo ndi lapafupi kuposa la korali.

Aphunzitsi anzanga, musalekere pa masilaidi. Hydra yamoyo imapezeka pa zomera za m'madzi odekha. Tengani zomerazo pamodzi ndi madzi ake m'botolo lagalasi, muliike pafupi ndi zenera usiku wonse osaligwedeza, ndipo m'mawa muyang'ane m'mbali mwa galasi ndi lenzi ya m'manja. Mukachita mwayi mupeza yobiriwira, yomwe ili ndi ndere zamoyo m'maselo ake. Ndi nyama yomweyi imene Abraham Trembley anaiduladula zidutswa n'kuona chilichonse chikumera kukhala Hydra yathunthu, ndipo analemba zimenezi mu 1744. Kotunga madziko mupite nokha, muvale magolovesi ndi majombo, musatume ana. Madzi ambiri ozungulira Harare ndi oipa, likodzo liliko, ndipo kunyanja ya Chivero kuli ng'ona.

Kwa mphunzitsi kapena kagulu ka makolo osonkherana, bokosili ndi loyenera kugula, chifukwa mtengo wake ndi wolemera kwa banja limodzi. Musanalipire, pemphani kuti alitsegule, muunike silaidi iliyonse pawindo, makamaka ya Hydra yodulidwa. Kunyumba muzilisunga lotseka, pouma ndi pamthunzi, chifukwa dzuwa limafwifwitsa utoto. Ngati maikulosikopu yanu ndi yamagetsi okha, pezani katochi kabwino ka batire, popeza magetsi akazima pakati pa phunziro kamene kaja ndiko kamapulumutsa.